PAKHOMO PATHU: Mlendo wa Mbamu Zitatu

Ku Katowo, m'dera la Hewe kwa Mfumu Katumbi, mlendo sachoka pakhomo ndi njala. Tsiku lina ndinali nawo pamphasa pamene mayi wina wogwira ntchito ku Johannesburg anabwera kudzaona makolo ake. Amake anapha nkhuku, naphika nsima ya ufa woyera mitanda isanu. Koma mlendoyo anangodya kanyama pang'ono ndi mbamu zitatu, nasamba m'manja. Nkhope ya gogoyo inagwa. "Iwe mwana wanga, kodi wayamba kunyoza nsima imene inakulera?"

Mayiyo sananyoze ayi. Anali atachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu, popeza kunenepa kopitirira kunamdzetsera matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Pa opaleshoni yotere madokotala amachotsa pafupifupi magawo atatu mwa magawo anayi a chifu, ndipo chotsalacho chimadzala ndi chakudya cha m'kapu yaing'ono. Kumkakamiza munthu wotere kumaliza mtanda ndiko kumchititsa kusanza ndi kumva ululu.

Tisayese kuti vuto la kunenepa ndi la kunja kokha. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'Malaŵi wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 alionse a zaka 15 mpaka 49, amayi 21 anali olemera kupitirira muyeso. Komabe ife timati wonenepa ndiye ali pabwino, ndipo woonda timamnong'ona.

Tsono inu amene mwachitidwa opaleshoniyi, dziŵani kuti mpeni wa dokotala wachepetsa chifu chokha. Chizoloŵezi chakale muchigonjetsa ndinu. Masabata oyamba ndi a zamadzimadzi, kenaka phala ndi zofeŵa, monga momwe dokotala walangizira. Mukabwerera ku nsima, yambani ndi ndiwo zomanga thupi: dzira, usipa, nyemba kapena nkhuku, nsima pambuyo. Tafunani mbamu iliyonse kufikira itasalala, ndipo chakudya chikutengereni mphindi 20 kapena 30, pakuti uthenga wa kukhuta umachedwa kufika ku bongo. Mukamva kulemera pachifuwa, lekani pomwepo. Musamwere madzi pa chakudya. Dikirani mphindi 30, koma tsiku lonse muzimwa pang'onopang'ono kufikira lita imodzi ndi theka. Zakumwa zotsekemera za m'botolo, tiyi wa shuga wambiri ndi moŵa zipeŵeni, chifukwa shuga akathamangira m'matumbo amadzetsa chizungulire, thukuta ndi kutsegula m'mimba. Mapiritsi a vitamini B12, ayironi ndi kasiyamu ndi a moyo wanu wonse. Kuwaleka n'kuitana kuchepa kwa magazi ndi kufooka kwa mafupa. Amayi adikire miyezi 12 mpaka 18 asanatenge pathupi. Ndipo musanatape chakudya, dzifunseni: kodi ndi njala, kapena ndi nkhaŵa ndi kusungulumwa?

Ndi inu a pabanja ndili nanu mawu aŵiri. Chikondi sichiyesedwa ndi kukula kwa mtanda. Mpatseni wodwalayo mbale yaing'ono, khalani naye kufikira atamaliza, ndipo musamseke pamene thupi lake likutsika. Akamasanza kosalekeza, kapena akamva ululu waukulu m'mimba ndi kutentha thupi, musazengereze: thamangani naye ku chipatala cha Katowo kapena cha boma ku Rumphi, mutatenga makalata a opaleshoni yake.

M'maŵa mwake gogo uja, atamvetsa zonse, anaphika dzira limodzi ndi nkhwani wotendera, naziika m'kambale ka mdzukulu wake. Anakhala pambali pa mwana wake osanena kanthu kufikira kambaleko katayera. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nafenso amene chifu chathu n'chathunthu, tiyese madzulo ano kudya modekha, ndi kuleka tisanafike potupidwa.

Tidzachezanso mwezi wamaŵa.