Ramadhan ya mliri: agogo athu tiwateteze, koma tisawataye

Ramadhan ya 2021 idali yachiwiri kuisala mliri wa Covid-19 uli pakati pathu. Boma lidalengeza za odwala oyamba m'dziko muno pa 2 April 2020, patatsala masabata atatu kuti mwezi wa swaumu uoneke, ndipo nthawi imeneyo anthu ambiri ankauona ngati matenda a kutali. Mu January 2021 nkhani idasintha. Pa 12 January, tsiku limodzi lokha, dziko lidataya nduna ziwiri, a Lingson Belekanyama ndi a Muhammad Sidik Mia. M'mizikiti yathu mudayamba kuoneka mipata pa mzere woyamba, pamalo pamene pankaima anthu a imvi kwa zaka zambiri.

Kachiromboka kamagwira aliyense, koma kamapweteka kwambiri okalamba. Munthu akamakula chitetezo cha m'thupi chimafooka, ndipo ambiri amakhala ali kale ndi matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi kapena vuto la mtima ndi mapapo. Mnyamata akhoza kukatenga, n'kuyetsemula masiku awiri, n'kuchira osadziwa kuti adadwala, koma agogo amene wadya nawo m'mbale imodzi n'kufika posowa mpweya. Choncho mtolo wa kusamala uyenera kusenzedwa ndi ife amene tili ndi mphamvu. Amene amakwera minibasi, kulowa mumsika ndi kukhala m'kalasi ndi ife, ndipo matenda akafika pakhomo amakhala atadzera mwa ife.

Tiyambe ndi swaumu. Pali agogo amene adayamba kusala ali ana, sadaphonyepo, ndipo amaona kuti kudya masana a Ramadhan n'chamanyazi. Timawalemekeza pa chikhulupiriro chawo. Koma Qur'an yolemekezeka, mu Surat Al-Baqarah ndime 184 ndi 185, idapereka chilolezo kwa wodwala kuti amasule n'kudzabweza masikuwo akachira, ndipo Ibn Abbas adafotokoza kuti nkhalamba yosatha kusala idyetse wosauka mmodzi pa tsiku lililonse. Imeneyi ndiyo fidya. Anas bin Malik, amene adatumikira Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) kwa zaka khumi, atakalamba adasiya kusala n'kumadyetsa osauka. Ngati swahaba wotero adalandira chilolezo cha Allah, agogo athu asamve manyazi kuchilandira. Wokalamba wa shuga akakhala tsiku lonse osadya, shuga wake akhoza kutsika mpaka kukomoka, ndipo kusowa madzi m'thupi kumafooketsa munthu amene akulimbana ndi matenda. Banja lifunse achipatala ngati agogo angathe kusala, lifunse shehe za muyezo wa fidya, ndipo ana asonkhe msanga kuti nkhalamba isasale chifukwa choopa kuti palibe chopereka.

Chachiwiri ndi mzikiti. Swala ya Tarawehe ndi sunnah, ndipo imatheka kunyumba. Chipinda chodzadza anthu usiku, mazenera ali otseka chifukwa cha kuzizira, ndi malo amene kachiromboka kamafala mosavuta. Ena amati kupewa gulu n'kuchepa kwa tawakkul. Akumbukire za Umar bin Al-Khattab. Ali pa ulendo wa ku Sham adamva kuti kwagwa mliri, adafunsa maganizo a maswahaba, n'kubwerera. Abu Ubaidah atamufunsa ngati akuthawa chikonzero cha Allah, Umar adamuyankha kuti kubwererako nakonso kuli m'chikonzero cha Allah. Kenako Abdurrahman bin Awf adabwera ndi chiphunzitso cha Mtumiki choletsa kulowa kapena kutuluka m'dera la mliri. Mu 2020 Saudi Arabia idaimitsa Umrah, ndipo Hajj idachitidwa ndi anthu ochepa okhala m'dzikomo. Ngati zidatheka ku Makkah, zikhoza kutheka ku Mangochi ndi ku Ndirande.

Komabe kuuza agogo kuti "khalani kunyumba" n'kuwasiya okha si chisamaliro. Munthu amene wazolowera kuswali pagulu kwa zaka makumi asanu ukamuchotsera mzikiti wamuchotseranso anzake, nkhani zake ndi chimene chimamudzutsa m'mawa. Apa m'pamene ophunzira athu a m'madrasa ndi m'makoleji ali ndi ntchito. Amene waloweza masura angapo ayale mphasa pakhonde, avale chotchinga pakamwa ndi pamphuno, n'kuswalitsa agogo ake Tarawehe. Asadandaule kuti waphonya gulu. Uwais Al-Qarni wa ku Yemen sadaonane ndi Mtumiki ngakhale adakhala m'nthawi yake, ndipo ankadziwika ndi kusamalira mayi ake. Mtumiki adauza Umar kuti akadzakumana naye adzamupemphe kuti amupemphere chikhululuko. Kutsalira pakhomo chifukwa cha kholo kuli ndi malipiro ake.

Tikudziwa kuti malangizo oti titalikirane ndi ovuta kuwatsatira m'nyumba zathu. M'midzi yambiri agogo aakazi ndiwo akulera adzukulu, pamene makolo a anawo ali ku tauni kapena ku Joni. Amagona nawo chipinda chimodzi, amawaphikira ndi kuwasambitsa. Zotheka zilipobe. Futari idyedwe panja kapena mazenera ali otsekula. Agogo akhale ndi kapu ndi mbale yawo, ndipo madzi osamba m'manja athiridwe ndi jagi, asakhale a m'beseni limodzi. Amene ali ndi chifuwa kapena chimfine agone kwina. Amene wangofika kuchokera ku South Africa kapena ku mzinda adikire masabata awiri asanakhale nawo pafupi. Moni wa Chisilamu ndi mawu, ndipo umafika ngakhale osagwirana chanza.

Tiyeneranso kudziwa kuti matendawa mwa okalamba saonekera nthawi zonse ndi kutentha thupi. Nthawi zina agogo amangosiya kudya, kufooka, kugona kwambiri kapena kuyamba kusokonezeka maganizo. Mu Ramadhan n'zosavuta kunena kuti "ndi swaumu imeneyi" n'kudikira mawa. Wokalamba akamapuma movutikira, akamamva kupweteka pachifuwa kapena akamalankhula zosamveka, amasule nthawi yomweyo ndipo tithamangire naye kuchipatala. Dua timapanga tili m'njira. Amene amamwa mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi asawasiye, ndipo wachinyamata mmodzi m'banja azidziwa tsiku limene mankhwalawo atha.

Pali nkhani ya katemera. Pa 5 March 2021 Malawi idalandira katemera wa AstraZeneca wokwana 360,000 kudzera mu ndondomeko ya COVAX, ndipo okalamba adali m'gulu la oyenera kuyambira. Koma mauthenga abodza a pa WhatsApp adafika m'midzi msanga kuposa katemerayo, ndipo kawirikawiri ankafika kwa agogo kudzera m'mafoni a adzukulu. Qur'an, mu Surat Al-Hujurat, imatilangiza kufufuza nkhani tisanaikhulupirire. Maulama ambiri afotokoza kuti jakisoni wobaya pamnofu, wosakhala chakudya, saononga swaumu, ndipo kampani yopanga katemerayu idanena kuti mulibe chochokera ku nkhumba. Tisawakakamize agogo, koma tiwafotokozere zoona m'Chiyao kapena m'Chichewa chimene amamva, tiwalipirire njinga ya kabaza ndi kuwaperekeza.

Nanga agogo akakana? Ena adzati, "Ndakalamba kale, imfa ikafuna ibwere." Surat Al-Isra ndime 23 ndi 24 imatiletsa ngakhale kuwaonetsa makolo okalamba kuti atitopetsa, ndipo imatilamula kulankhula nawo mwaulemu. Kuwakalipira, kuwabisira ndodo kapena kuwatsekera chitseko si njira. Ngati mawu a mwana akuwapepukira, tiitane shehe kapena mnzawo wa msinkhu wawo amene amamumvera. Tiwauzenso chifukwa chenicheni: tikuwafunabe. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo banja limene lataya agogo limasowa woweruza milandu, wodziwa mzera wa mtundu ndi wowatchula adzukulu mu dua ya usiku.

Pomaliza, si nkhalamba zonse zili ndi ana. M'dera lililonse muli amayi amasiye ndi abambo okalamba amene futari yawo inkachokera ku mzikiti, ndipo pamene kudyera pamodzi kudachepa nthawi ya mliri, iwo ndiwo adali oyamba kugona ndi njala. Komiti ya mzikiti uliwonse ilembe mayina awo sabata ino, igawe makomowo kwa achinyamata, ndipo Zakaat ndi sadaka za mwezi uno ziyambire kumeneko, kuphatikizapo nkhalamba za chipembedzo china zimene tayandikana nazo. Ufa, sopo, chidebe cha madzi ndi bulangeti la m'nyengo yozizira ndi zinthu zimene tingakwanitse. Amene ali kunja atumize ndalama, koma aimbenso foni.

Tipemphe Allah awachitire chifundo amene adatisiya, awachize odwala, ndipo atisungire akuluakulu athu kuti tidzaswali nawo Eid. Ameen.