Lolani Wosewera Akonze, Koma Alipire

Acinyamata anzanga amene mumakonda masewera a pa kompyuta, nkhani iyi ndi yanu. M'masewera ambiri mumapatsidwa msilikali woti mumkuze. Akapambana nkhondo amalandira mapointi, ndipo inu mumasankha kowaika: ku mphamvu, ku lupanga kapena ku uta. Nanga mukazindikira kuti munagawa molakwa, kodi akuloleni kufafaniza ndi kugawanso?

Ena akuti iai, madzi akatayika saoleka. Ena akuti fafanizani nthawi iliyonse, kwaulere. Ine ndikutsutsa onse awiri.

Tiyambe ndi oumitsa mtima aja. Kampani ya Blizzard inatulutsa Diablo II mu 2000, ndipo kwa zaka pafupifupi 10 munalibe njira yobwezera pointi ngakhale imodzi. Wolakwa anali kutaya nchito ya masabata ndi kuyambiranso. Kodi zimenezi zinaphunzitsa anthu kuganiza? Kutalitali! Zinawaphunzitsa mantha. Ambiri anali kusunga mapointi osawagwiritsa nchito, kudikira maluso akulu amene amatseguka msilikali akafika pa msinkhu wa 30. Ena anali kungokopa magawidwe a akatswiri pa intaneti. Munthu woopa kulakwa sayesa catsopano, ndipo sewero limene simuyesamo kanthu limasanduka nchito ya ganyu.

Mudzati: "Koma Diablo II inakhalitsa!" Inde. Koma mu 2010 eni ake analola kufafaniza, ndipo sewero silinafe. Mu 2021 analitulutsanso mwatsopano, njira ija ili momwemo.

Tsono inu okonda zaulere musaombe m'manja msanga. Diablo III, ya mu 2012, inalola wosewera kusintha maluso mmene afunira popanda kutaya kanthu. Cotsatira cake, msilikali wanu ndi wa mnzanu wa mtundu umodzi anasiyana zovala ndi zida cabe. Munalibenso cifukwa ceniceni cokuzira wina waciwiri wa mtundu womwewo. Taganizani nsolo imene mnzanu aloledwa kutolanso miyala nthawi zonse akaona kuti wadyedwa. Mungakhale pansi kusewera naye mawa?

Njira yanzeru ndi ya mtengo. Mu World of Warcraft ya mu 2004, kufafaniza koyamba kunali golide mmodzi wa m'seweromo, ndipo mtengo unali kukwera kufikira 50. Wolakwa kamodzi sanali kulira, koma wosinthasintha ngati bilimankhwe anali kumva kuwawa m'thumba. Mu Elden Ring ya mu 2022, muyenera kuyamba mwagonjetsa Rennala, ndi kumpatsa cinthu cosowa cochedwa Larval Tear. Ngakhale Diablo II imapatsa mwai waulere katatu kokha. Kupitirira apo muyenera kugonjetsa adani akuluakulu ndi kusonkhanitsa zimene agwetsa.

Sewero limakhalitsa ngati cosankha canu cili ndi kulemera, komanso ngati kulakwa kumodzi sikukuphera zonse. Cotsani kulemerako, wosewera atopa. Cotsani mwai wokonza, woyamba kumene athawa, makamaka iye amene amasewera ola limodzi pa sabata pa kompyuta yobwereka.

Cotero pamene mnzanu akunyozani kuti wofafaniza ndi wamantha, mufunseni: magawidwe amene amanyadira anawaganiza yekha, kapena anakopa?