Ngati ufuna kukhala pailoti, phunzira kukhota

Aliyense amene anakwerapo basi kuchoka ku Lusaka kupita ku Petauke adziwa pamene nkhani zimathera. Mukadutsa mlatho wa Luangwa n'kuyamba kukwera mapiri a ku Kacholola, musanafike ku Nyimba, maso onse amakhala pa dalaivala. Makona aja ndiwo amaulula ngati munthu adziwa nchito kapena ali chabe ndi laisensi.

Ndi mmene zililinso mumlengalenga. Anzanga ambiri amene amalota zokaphunzira ku ZASTI ku Lusaka amaganiza za ndeke zikuluzikulu za Emirates ndi yunifomu yoyera. Koma pailoti wa kuno kawirikawiri amayambira pa kandeke kakang'ono, konyamula alendo opita ku Mfuwe kapena odwala, pamwamba pa chigwa cha Luangwa ndi mapiri a Muchinga. Kumeneko tsiku lina udzalowa pakati pa mapiri awiri, mitambo yatseka kutsogolo, ndipo ndeke ilibe giya yobwerera m'mbuyo. Chotsala ndi kukhota pamalo ochepa.

Ukapendeketsa mapiko madigiri 60 osafuna kutsika, thupi limalemera kawiri: wa makilo 70 amamva monga ali ndi 140. Mapiko nawonso amasenza katundu wowirikiza, motero amafuna liwiro lochuluka kuti asaleke kunyamula ndeke, ngozi imene amaitcha stall. Cessna 172 imene imafika pa stall cha pa 48 knots ikamauluka moongoka, pa madigiri 60 imafikapo cha pa 68. Koma ukathamanga kwambiri chifukwa cha mantha, wadzipweteka: liwiro likawirikiza kawiri, malo okhotera amakula kanayi. Uyenera kuyenda pakati pa ziwirizi, phiri likukuyang'ana. Onjezapo kutentha kwa mu October, pamene mphepo imapepuka ndipo ndeke imakwera mwaulesi monga lole yodzaza makala.

N'chifukwa chake odziwa mapiri sauluka pakati penipeni pa chigwa. Amatsamira mbali imodzi kuti atsale ndi malo otembenukira.

Ena amati kuzungulira pamalo amodzi n'kutaya ndalama, pakuti ola limodzi la maphunziro n'lodula maningi, makamaka ngati makolo anagulitsa ng'ombe kapena nshawa kuti ulipire. Ndiwamvetsa. Koma ine ndikana. Kuuluka moongoka wophunzira aliyense amakwanitsa msanga. Kukhota kolimba manja amaiwala, ndipo kumafunika kubwerezabwereza kumwamba kwambiri, mphunzitsi ali pambali, mpaka mutu uleke kuzungulira.

Pa 10 June 2024 ndeke yonyamula Saulos Chilima, wachiwiri kwa pulezidenti wa Malawi, inagwa m'mapiri a Chikangawa nyengo ili yoipa, ndipo anthu onse asanu ndi anayi anafa. Sindikuweruza amene anali kuiyendetsa. Ndingokumbukira kuti mitambo yotere imakhalanso pa mapiri a ku Nyimba nthawi ya dzinja, ndipo amene adzaulukepo mawa akhoza kukhala mng'ono wako.