Tisathamangire kutaya laputopu yakale



Ndipatseniko danga m'tsamba lino kuti ndilankhule ndi anzanga a m'midzi, makamaka abusa, ansembe, akatekisi, mashehe ndi alembi a mipingo kuno ku Thyolo, pa nkhani imene yayamba kudya ndalama zathu mwakachetechete.

Masiku ano si zachilendo kupeza laputopu m'nyumba ya abusa ku Thekerani, mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu ku Goliati kapena kwa mlembi wa kalabu ya alimi a tiyi ku Masambanjati. Ambiri mwa makinawa sitidagule ali atsopano. Ena adabwera ndi ana athu ochokera ku Johannesburg, ena ndi mphatso za mipingo ya kunja, ndipo ena tidagula ku Limbe atagwira kale ntchito m'maofesi a ku Ulaya. Tsopano akalamba. Wina akuchedwa kuyaka, wina akutentha ngati mbaula, wina wangoti zii. Funso limene lili m'misonkhano ya makomiti ndi lakuti: tikonze kapena tigule ina?

Ganizo langa ndi ili: tiyambe tafufuza chimene chawonongeka. Ndipo ngati kugula sikungapeweke, tisankhe mitundu yolimba imene imatseguka ndi sikuludiraiva, osati yonyezimira imene ikadwala kamodzi ndiye maliro.

Tiyambe ndi nkhani ya thumba. Mu Meyi 2022 kwacha yathu idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idachepetsedwanso ndi 44 peresenti. Laputopu iliyonse imachokera kunja, choncho mtengo wake umakwera limodzi ndi dola. Ndalama ya m'mbale ya chopereka ndi thukuta la mayi amene wathyola tiyi kuyambira m'bandakucha, dengu lili kumsana, mame ali m'chiuno. Komiti imene ikuvomereza kugula makina atsopano pomwe akalewo akadachira ndi kachipangizo kamodzi iyenera kukumbukira mayi ameneyu.

Ife a mvula zakale tidakulira m'dziko lokonza zinthu. Makina osokera a Singer ankachoka kwa gogo nkufika kwa mdzukulu. Njinga ya Humber inkasinthidwa masipoko, tcheni ndi matayala mpaka mwini wake kuiwala chaka chimene adaigula. Wailesi ya Nzeru inali ndi sing'anga wake pa msika uliwonse. M'sukulu tinkataipa mayeso pa sitensulo nkuwapukusa pa makina a Gestetner, ndipo akavuta tinkapukuta, kuthira mafuta, ntchito nkupitirira. Laputopu nayonso ndi makina. Ili ndi ziwalo, ndipo kawirikawiri chimadwala ndi chiwalo chimodzi osati thupi lonse.

Taonani matenda amene amabwera kawirikawiri. Laputopu ikamazima mukangozula waya ku khoma, vuto ndi batire. Batire lililonse limafooka likatchajidwa kambirimbiri, ndipo pa mitundu yambiri yakale limachoka ndi chala chabe. Koma mukaona batire litatupa, lichotseni msanga chifukwa lingayake moto. Ikamakana kutchaja, yambani mwabwereka tchaja ya mnzanu ya mtundu womwewo, poti nthawi zambiri waya ndiye amaduka m'kati. Ikamatentha kenaka nkuzima yokha, ndiye kuti kafani kake katsekeka ndi fumbi, ndipo mafuta oziziritsa ubongo wa makinawo auma. Ntchito imeneyi siifuna chipangizo chodula ayi. Ikamaiwala tsiku ndi nthawi, m'kati muli kabatire kozungulira ngati khobidi kamene katha mphamvu.

Nanga ikamachedwa ngati nkhono? Apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi nkuweruza kuti yatha. Malaputopu akale amasunga zolemba pa disiki yozungulira ngati mbale ya galamafoni, ndipo ikakalamba imayenda mwa befu. Lero kuli disiki ya mtundu wina yotchedwa SSD, yopanda chozungulira chilichonse, imene imalowa pa malo omwewo. Mukaika imeneyi nkuonjezera RAM kufika pa 8GB, makina amene mumawadikira mpaka tiyi kuzizira amayaka musanamalize kukoka mpando. Ngakhale sikirini ikasweka imasinthika, ndipo poyembekezera mutha kulumikiza laputopu ku wailesi ya kanema ntchito nkumapita.

Nyengo yathu ya kuno nayo imaonjezera matenda. Chiperoni cha mu Juni ndi Julaye chimalowetsa chinyontho m'nyumba, fumbi la mu Okutobala limadzaza m'timabowo, ndipo mphemvu zimakonda malo ofunda. Musagwiritse ntchito laputopu ili pa bulangete kapena pa matiresi, chifukwa imapumira pansi ndi m'mbali. Kukachita ziphaliwali, kapena magetsi akathima, zulani waya ndipo mudikire kuti akhazikike akabwera. Kapu ya tiyi ikhale pa tebulo lina.

Sindikunena kuti makina onse ayenera kukonzedwa. Chikondi chisatitseke m'maso. Ngati bolodi lalikulu la m'kati lapsa, kapena madzi adalowa nkuchititsa dzimbiri, kukonza kumasanduka dzenje lopanda malire. Muyeso wanga ndi uwu: mtengo wokonzera ukaposa theka la mtengo wa laputopu yabwino yogwirapo kale ntchito, ilekeni ipume.

Koma ngakhale ipume, pali chinthu chimodzi chimene sitiyenera kutaya. Chuma chenicheni si chitsulocho ayi, koma zimene zili m'kati mwake: kaundula wa ubatizo ndi maukwati, mayina a ana amasiye, malikisi a ophunzira, makilogalamu a masamba amene mlimi aliyense adapereka pa sikelo, maulaliki a zaka khumi. Laputopu ikafa, nthawi zambiri disiki yake imakhala ili moyo. Wokonza atha kuichotsa, kuiika m'kabokosi kolumikizira pa kompyuta ina, zolemba zonse nkupezeka. Musalole munthu akuuzeni kuti afufute zonse asanakukopereni zanu. Ndipo tisadikire tsoka. Namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 adationetsa kuti nyumba ingapite ndi zonse za m'kati usiku umodzi. Mwezi uliwonse koperani zolemba pa fulashi ziwiri, imodzi ikhale kwa abusa, ina kwa msungichuma. Kaundula wa pepala nayenso asasiyidwe. Paja zengerezu adalinda kwawukwawu.

Tsono pali nkhani ina imene ogulitsa ena sakuifotokoza bwino. Kampani ya Microsoft idasiya kusamalira Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo chisamaliro cha masiku onse cha Windows 10 chidatha pa 14 Okutobala 2025. Izi sizitanthauza kuti laputopu yanu isiya kuyaka. Zikutanthauza kuti zibowo zimene akuba a pa intaneti azitulukira sizizimatidwanso ngati kale. Windows 11, imene idatuluka mu 2021, imakana makina ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 2018. Choncho amene ali ndi makina akale ali ndi njira ziwiri. Yoyamba, ngati ntchito yake ndi kutaipa makalata ndi kusunga kaundula, ingokhalani osailumikiza ku intaneti, ndipo za kubanki musachitirepo. Yachiwiri, ikanimo Linux. Iyi ndi pulogalamu yaulere yoyendetsera kompyuta imene adayambitsa Linus Torvalds wa ku Finland mu 1991. Mtundu wake wina, Ubuntu, adauyambitsa Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004, ndipo wina wotchedwa Linux Mint ndi wosavuta kwa munthu wozolowera Windows. Polembera makalata ndi kuwerengetsa ndalama pali LibreOffice, yaulerenso. Izi zili bwino kusiyana ndi mapulogalamu akuba amene amabwera ndi mavairasi.

Nanga kwa amene afikadi pogula, asankhe yotani? Malaputopu ali m'magulu awiri. Ena amapangidwira m'masitolo kuti akope maso. Ena amapangidwira makampani ndi maboma amene amagula ambirimbiri nkufuna kuti amisiri awo aziwakonza mosavuta. Gulu lachiwirili ndilo lotiyenera: ThinkPad, Dell Latitude ndi HP EliteBook.

ThinkPad idayamba ndi kampani ya IBM mu 1992, ndipo kampani ya Lenovo ya ku China idagula bizinesiyi mu 2005. Mudzaizindikira ndi maonekedwe ake akuda ngati bokosi ndi kadontho kofiira pakati pa mabatani. Mitundu ya T420 ndi X220 ya mu 2011 imakondedwa mpaka lero chifukwa cha mabatani ake okoma kutaipira, ndipo T430 ndi X230 zidatsatira mu 2012. Pa makina amenewa batire, disiki, RAM ndi mabatani zimasinthika ndi sikuludiraiva. Opanga ake adaika pa intaneti mabuku aulere osonyeza mmene mungamasulire chiwalo chilichonse. Poti adapangidwa ochuluka, zipangizo zake zimapezeka. Dell Latitude E6430 ya mu 2012 ili m'gulu lomweli.

Komabe kumbukirani kuti makina a 2011 ndi 2012 apitirira zaka khumi. Amene ali nawo kale awasamale, koma wogula lero asalipire ndalama zambiri pa iwo. Salandira Windows 11, ndiponso amadya moto wambiri, zimene zimavuta kwa odalira sola. Ngati thumba likulola, funani T480 ya mu 2018, kapena EliteBook 840 G5 ya chaka chomwecho, kapena zina za msinkhu umenewo kupita m'tsogolo. T480 ili ndi malo awiri oikamo RAM, batire lake lakunja limachoka, ndipo imalandira Windows 11.

Chenjerani ndi timalaputopu tatsopano totsika mtengo, topyapyala ngati kope. Tambiri tili ndi mosungira mochepa, 32GB kapena 64GB, ndipo ziwalo zake adaziwotcherera pa bolodi moti simungaonjezere kapena kusintha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pogula, musakhutire ndi kapepala komata kolembedwa Core i5. Dzina limeneli lakhalapo kwa zaka zambiri. Pemphani wogulitsa akuonetseni nambala yonse pa sikirini. Ikakhala i5-2520M, nambala 2 yoyambayo ikusonyeza mbadwo wachiwiri, wa mu 2011. Ikakhala i5-8250U, ndi mbadwo wachisanu ndi chitatu, umene Windows 11 imaulandira. Yesani batani lililonse ndi bowo lililonse lolumikizira. Zulani waya muone ngati batire lingapirire theka la ola. Onetsetsani kuti makinawo alibe mawu achinsinsi otsekera poyatsa amene wogulitsa sakuwadziwa, chifukwa otere angakhale obedwa. Funani lisiti yokhala ndi nambala ya makinawo. Tengani mnyamata kapena mtsikana wodziwa za kompyuta akuperekezeni. Safunsa adadya phula.

Wina anganene kuti kudalira makina akale ndi kuvomereza kukhala dzala la azungu. Nkhawa imeneyi ndi yomveka. Lipoti la mabungwe a United Nations la mu 2024 lidati m'chaka cha 2022 dziko lapansi lidataya matani 62 miliyoni a zinyalala za zipangizo zamagetsi, ndipo zimene zidasonkhanitsidwa nkukonzedwanso mwadongosolo sizidakwane gawo limodzi mwa magawo anayi. N'chifukwa chake tiyenera kukana mphatso zakufa kale. Abale a kunja akafuna kutithandiza, tiwafunse mwaulemu chaka cha makinawo, ngati akuyaka, ndiponso ngati ali ndi matchaja. Koma makina abwino ogwirapo kale ntchito si zinyalala. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, bungwe la Baobab Health, limene adayambitsa Gerry Douglas, lidatenga timakina totchedwa i-Opener timene ku America tidali titasiya kugulitsidwa, nkutisintha kuti tizilembera odwala pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe. Chimene ena adachiyesa chotha ntchito chidatumikira Amalawi.

Imene yafadi isatayidwe m'chimbudzi, mu mtsinje kapena pa moto wa zinyalala, ndipo ana asaseweretse batire lake. M'makina akale muli mtovu ndi mankhwala ena oipa. Ipatseni kwa wokonza kuti ziwalo zake zikachiritse anzake, koma disiki ichotseni kapena ifufutidwe kaye. Nkhani za milandu ya mu mpingo ndi mavuto a m'mabanja siziyenera kukawerengedwa pa msika. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la chaka cha 2024, ndipo ngakhale pakadapanda lamulo, chikumbumtima chikadatiuza zomwezo.

Pomaliza ndili ndi mapempho atatu. Kwa amisiri okonza: khalani okhulupirika. Muuzeni mwini wake mtengo musanayambe, ndipo chiwalo chimene mwachotsa mum'bwezere m'manja. Mmisiri mmodzi wosinthanitsa ziwalo mwakuba amaipitsa mbiri ya onse. Kwa akuluakulu a yunivesite ya MUST, imene idatsegulidwa ku Ndata m'boma lathu lino mu 2014, pamodzi ndi a TEVETA: tiphunzitsireni achinyamata ntchito imeneyi, kuti pa Luchenza, pa Bvumbwe ndi pa Makwasa pakhale amisiri odalirika, munthu asamathe ndalama ya minibasi kupita ku Limbe chifukwa cha fumbi la m'kafani. Kwa eni maesiteti a tiyi: mukamasintha makompyuta a m'maofesi anu, amene akadali ndi moyo afufuteni bwino nkuwapereka ku sukulu zimene ana a antchito anu amaphunzirako.

Ndipo kwa inu atsogoleri a mipingo, nkhani ya laputopu ikadzabwera pa msonkhano wa komiti, funsani kaye mafunso atatu: chawonongeka n'chiyani, kukonza kwake ndi ndalama zingati, ndipo zolemba zathu zasungidwa kuti? Mayankho akapezeka, ndiye mutsegule thumba.



Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Thyolo.