Maso akachita nyenyezi masana, si mnzanu wakulodzani

Lero tikambeko za matenda amene amayambanitsa anthu pamsika kuposa ngongole ya chilimba.

Muli pa tebulo lanu, mukuwerenga chenji. Mwadzidzidzi patsogolo panu pabwera kadontho kowala. Kayamba kukula, kukhala ngati mano a sowo ong'anima. Nkhope ya kasitomala muiona theka chabe, nambala ya pa K50 siioneka. Pakapita mphindi 20 kapena 30 zonse zichoka, kenaka mutu uyamba kugunda mbali imodzi, mseru ubwera, kuwala kukulasani m'maso. Pamenepo wina akunong'onezani kuti, "Amai, uja wa tomato pafupi nanu, malonda anu amamuwawa."

Ine ndikuti ayi. Matendawa ali na dzina, ndi mutu wa ching'alang'ala. Kuchipatala amati migraine, ndipo zong'anima zija amati aura. Amagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa 7 alionse padziko lapansi, akazi kuposa amuna, ndipo amayenda m'magazi a pabanja. Funsani amai anu kapena azakhali, mwina mudzamva kuti nawonso ankamanga chitenje kumutu n'kugona m'chipinda cha mdima.

Vuto kawirikawiri silikhala m'diso. Mbali ya ubongo imene imationetsa zinthu ili kumbuyo kwa mutu, chakunkhongo, ndipo ndiyo imasokonezeka kwa kanthawi. Zikayamba, yang'anani nthawi pa foni. Tsekani diso lamanja, kenaka lamanzere. Ngati zong'animazo zili konsekonse, ngakhale mutatsinzina, zikuchokera ku ubongo. Aura imatenga mphindi 5 mpaka 60, ndipo mutu wotsatira ungakhale maola 4 mpaka masiku atatu. Ena amaona zowala zokhazo, mutu osawawa.

Koma apa mumvetsetse, chifukwa si mdima ulionse wa m'maso umene uli ching'alang'ala. Ngati diso limodzi lokha lachita mdima ngati mwatsitsa katani, ngati zapitirira ola limodzi, ngati dzanja kapena mwendo walefuka, pakamwa papotoka kapena mawu akukanika kutuluka, siyani katundu, pitani kuchipatala nthawi yomweyo. Chimodzimodzi ngati zayamba koyamba muli na zaka zopitirira 50, makamaka inu a BP na shuga. Izi zingakhale chenjezo la sitiroko kapena matenda a diso lenilenilo. Ndiye chifukwa chake nkhani ya kulodzana imandiwawa. Sabata imene munthu akufunafuna amene wamulodza ndi sabata imene akanapimidwa BP.

Azimai, ili ndi lanu. Ngati mumaona aura ndipo mukumwa mapilisi olera aja okhala na estrogen, auzeni anesi, osabisa. Ziwirizi zikakumana, ngozi ya sitiroko imakwera, ndipo fodya amaonjezera moto. Njira zina zolera zilipo, adzakusankhirani yoyenera.

Nanga chimautsa mutuwu n'chiyani? Tiziyang'ane tokha ife amalonda. Timauka 4 koloko kukaoda ku Soweto kapena ku Kapata tulo tisanakwane. Tiyi timamwa 11 koloko, nsima mwina madzulo. Madzi timaopa kumwa kamba ka chimbudzi cholipira. Dzuwa la Okutobala likuwala pa malata kulowa m'maso, mtima uli pa fizi ya ana. Kwa azimai ena, zimabwera pa nthawi ya kumwezi. Lembani kumbuyo kwa buku la ngongole tsiku limene wabwera, chimene munadya na maola amene munagona. Pakatha miyezi iwiri mudzaona nokha mdani wanu, ndipo bukulo mukaonetse a dokotala.

Zikayamba, khalani pansi pamthunzi, imwani madzi. Osayendetsa galimoto kapena njinga, osadumpha msewu. Panado kapena brufen amathandiza mukamwa msanga, koma a zilonda za m'mimba na apakati afunse kaye za brufen. Osasandutsa mapilisi ndiwo. Kumwa masiku 15 kapena kuposa pamwezi kumabweretsa mutu wina wochokera ku mankhwala omwewo.

Kupemphera tipemphere, inde, koma tikatero tinyamuke. Luka amene analemba Uthenga Wabwino anali sing'anga, choncho mzere wa kukiliniki suchotsa chikhulupiriro cha munthu.

Ambiri sapita kukapimidwa chifukwa palibe wowasungira malo, ndipo tsiku losagulitsa ndi tsiku la njala. Apa ndiye pali ntchito yathu. Mukaona mnzanu wagwira kumaso, musamunene ulesi. Mugulitsireni kapenta wake, ndalama mumusungire yokwana, mumuperekeze kukwera basi. Uja amene akunenedwa kuti wakulodzani, mwina ndiye adzakusungirani tebulo mawa.

Tumizirani uthengawu amene mukumudziwa kuti amavutika na mutu. Ambuye akusungeni, mugulitse bwino.