Walter White anafa atasiya kunamizira ana

Sewero lalitali la pa kanema limavuta pothera. Olemba ambiri amayamba bwino, nkhani n'kukoma zaka zingapo, koma ikafika nthawi yomanga mfundo yomaliza amagwira njakata. Ena amasiya zinthu m'malere, ena amaithamangitsa nkhani ngati akuthawa mvula. Amene anatsatira Game of Thrones mpaka mu 2019 akukumbukira mmene anthu anadandaulira. N'chifukwa chake Vince Gilligan ayenera kuyamikiridwa pa mmene anatsekera Breaking Bad ndi gawo la 62, lotchedwa "Felina", lomwe analemba ndi kutsogolera yekha. Linaulutsidwa pa kanema wa AMC pa 29 Seputembala 2013, ndipo usiku umenewo anthu oposa 10 miliyoni analionera ku America.

Nkhaniyo inayamba mu 2008. Walter White ndi mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina ku Albuquerque, m'chigawo cha New Mexico. Wangokwanitsa zaka 50, malipiro ndi ochepa moti akaweruka amakagwira ganyu kotsukira magalimoto, mkazi wake Skyler ndi woyembekezera, mwana wawo wachisamba ali ndi ulumali. Kenako dokotala akumuuza kuti ali ndi khansa ya m'mapapo. Pamenepo akugwirizana ndi Jesse Pinkman, mnyamata amene anam'phunzitsapo, n'kuyamba kuphika mankhwala ozunguza bongo. Chifukwa chimene ankapereka nthawi zonse chinali chimodzi: ndikuchitira banja, ndisawasiye padzuwa ndikafa.

Mawu amenewa tonse tinawamvapo. Amanenedwa ndi wakatangale wa mu ofesi, amanenedwanso ndi bambo amene wasowa pakhomo miyezi. Ndipo ife oonera tinawakhulupirira nthawi yaitali kuposa mmene zinayenera kukhalira, chifukwa Bryan Cranston ankasewera munthuyu mwaluso loti umamumvera chisoni ngakhale manja ake ali magazi okhaokha.

Chimene ndikuyamikira kwambiri m'gawo lomalizali ndi zimene zikuchitika m'khitchini ya kanyumba kamene Skyler wasamukira boma litalanda nyumba yawo. Walter wabwera kudzatsanzika. Akungoyamba kufotokoza, Skyler akumudula pakamwa: sakufunanso kumva zoti zonsezi zinali za banja. Ndipo kwa nthawi yoyamba bamboyo akuvomera kuti ankadzichitira yekha, ankazikonda, ankazitha bwino, ndipo zinkamuchititsa kumva kuti ali moyo. Palibe mfuti yolira, palibe wokuwa. Pakati pa awiriwo paima chipilala cha nyumba chimene chikugawa chithunzi pawiri. Akum'patsa mkaziyo tikiti ya lotale yomwe manambala ake akulozera pamene panakwiriridwa mlamu wake Hank ndi wapolisi mnzake Steve Gomez, kuti akaigwiritse ntchito pokambirana ndi oimira boma pamilandu. Akum'sisita kamwana Holly kali mtulo. Mwana wake wamwamuna akungomuonera patali akutsika basi ya sukulu, osam'lankhula.

Olemba aulesi akanam'patsa chikhululukiro pamenepa, banja n'kukumbatirana misozi ili mbwembwembwe. Gilligan anakana.

Nkhani ya ndalama nayo anaimanga mochenjera. Kale Walter anayambitsa kampani ya Gray Matter ndi Elliott Schwartz, koma anagulitsa gawo lake pa madola 5,000 okha, kampaniyo n'kudzakula kufika mabiliyoni. M'chigawo choyamba cha seweroli, Elliott anadzipereka kulipira chithandizo chonse cha khansa ija, Walter n'kukana chifukwa cha matama. Kunena zoona, bodza la "ndikuchitira ana" linafera pomwepo, ife tinangochedwa kuzindikira. Tsono kumapeto, pa madola pafupifupi 80 miliyoni amene anaunjika, watsala ndi 9.72 miliyoni, ndipo banja lake silikufuna n'kakobidi komwe kochokera kwa iye. Njira yokhayo ndi kudzera kwa Elliott ndi mkazi wake Gretchen, anthu amene wakhala akuwasungira chakukhosi moyo wake wonse. Akuwaopseza kuti akapereke ndalamazo kwa mwana wake akadzakwanitsa zaka 18, ngati mphatso yochokera kwa iwo. Ndiye kuti mwanayo adzathokoza adani a bambo ake. Ngakhale apo matama sanam'there: akuwalamula kuti msonkho ndi zolipira maloya zichoke pa ndalama zake zomwezo, iwo asaonjezerepo kanthu. Ndipo "akatswiri a mfuti" amene anawaopsezera aja, timadontho tofiira tili pachifuwa, ndi Badger ndi Skinny Pete, anzake a Jesse osathandiza aja, atanyamula timatochi. Ngakhale pothera seweroli silinaiwale kuseketsa.

Komabe kuyamikira kwanga kuli ndi malire. Zinthu zikumuyendera bwino Walter mopitirira. Makiyi a galimoto yakuba ku New Hampshire, kumene ankabisala, akungomugwera m'manja. Akudutsa dziko lonse apolisi akum'saka, wosam'gwira. Poizoni amene anathira m'kapaketi ka zotsekemeretsa tiyi akumwedwa ndi Lydia, mayi amene ankachita naye malonda a mankhwalawo, monga anakonzera. Mfuti yachiwaya imene anaimangirira m'buti ya galimoto ikupulula nthawi imodzi pafupifupi gulu lonse la Jack, mtsogoleri wa zigawenga zimene zinagwira Jesse. Ena mwa olemba ndemanga anafika poganiza kuti zonsezi ndi maloto a munthu amene akufa ndi chisanu m'galimoto muja. Ineyo sindikuvomereza zimenezo, koma ndikumvetsa kumene maganizowo anachokera. Chinanso, adani omalizawo ndi zigawenga zotsatira chiphunzitso cha Nazi, anthu oti aliyense angasangalale kuwaona akugwa, ndipo zimenezi zikum'sandutsanso Walter ngwazi kwa mphindi zingapo. Pamene tikuomba m'manja n'kosavuta kuiwala Brock, kamnyamata kamene iye anakadyetsapo poizoni, komwe tsopano ndi kamasiye, kapena Marie, mkazi wa Hank, amene watsala wamasiye. Chilango chenicheni cha Walter chinabwera magawo awiri m'mbuyo, mu "Ozymandias", pamene Hank anaphedwa iye akuona, mwana wake n'kumuitanira apolisi.

Chimene chikupulumutsa mathero amenewa ndi Jesse. Walter akum'kankhira mfuti kuti amuphe. Mnyamata amene wakhala akutumidwa zaka ziwiri, amene wakhala miyezi ali womangidwa unyolo akuphikira zigawenga, akuona kuti mkuluyo wavulala kale, akuponya mfutiyo pansi n'kumuuza kuti adzichite yekha. Akuthyola geti ndi galimoto, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Aaron Paul anasewera Jesse pamenepa mosaiwalika, ndipo filimu ya El Camino ya mu 2019 inangotsatira ulendo wake mpaka ku Alaska.

Wina amene gawoli linamuchitira chilungamo ndi Anna Gunn, amene ankasewera Skyler. Kwa zaka zambiri oonera ena ankadana naye Skyler chifukwa chotsekereza mwamuna wake, chidanicho n'kufika pa mayiyo weniweni, mpaka mu Ogasiti 2013 analemba nkhani mu New York Times yodandaula za kutukwanidwa ndi kuopsezedwa pa intaneti. Patangotha milungu ingapo, anthu omwewo anamva Walter akuvomera ndi pakamwa pake zimene Skyler ankanena kuyambira kale. Gunn analandira mphoto ya Emmy mu 2013 ndi mu 2014, zaka zomwezo zimene Breaking Bad inapambana ngati sewero loposa onse.