MAFUTA A DZIKO ASADALIRE MSEU WOKHA

MUNTHU amene angaime tsiku lathunthu pa mlatho wa Kafue, pa mseu wocokera ku Chirundu ndi ku Livingstone kupita ku Lusaka, adzatopa kuwerenga malole a mathanki. Ena akwera kucokera ku gombe la Beira atadzaza petulo, ena atsika kucokera ku Ndola atasenza dizilo. Capafupi pomwepo pali mlatho wa njanji umene unamangidwa mu 1906, koma sitima zodutsapo ndi zowerengeka. Ife tikuti kulemera kwa mseu umenewu ndi kupepuka kwa njanjiyo ndi nkhani ya mlimi wa ku Lundazi, wa ku Petauke ndi wa ku Chadiza, ngakhale iye sanapondepo phazi m'tauni ya Kafue.

Akulu-akulu akumbukira. Pa 11 Novembala 1965 Ian Smith anapandukira Britain nalanda ulamuliro wa Rhodesia. Masiku amenewo mafuta athu anali kucokera kumwera, ku fakitale ya Feruka pafupi ndi Umtali, umene lero ndi Mutare. Mu Disembala caka comweco njira imeneyo inatsekeka. Dziko limene linali litangotha caka cimodzi m'ufulu linayamba kugawa petulo ndi makuponi. Mafuta anabwera m'migolo pa ndege za Britain, Canada ndi America, ndipo ena anadza pa malole kucokera ku Dar es Salaam kudzera mseu wa kumpoto, umene unali wa fumbi m'cilimwe ndi wa thope m'dzinja. Oyendetsa malole ambiri anatsala m'njira imeneyo, nauca dzina la Cingerezi lakuti Hell Run. Mabvuto amenewo ndiwo anabala mpope wa TAZAMA. Anaumanga ndi a ku Italy, ndipo Pulezidenti Kenneth Kaunda ndi Pulezidenti Julius Nyerere anautsegula mu 1968. Kutalika kwake ndi makilomita 1,710 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola; magawo awiri mwa atatu ndi a Zambia, gawo limodzi ndi la Tanzania. Mu 1973 fakitale yoyenga mafuta ya Indeni inayamba nchito ku Ndola, ndipo mu 1975 njanji ya TAZARA inafika pa Kapiri Mposhi.

M'zaka zomwezo Boma linasankha Kafue kukhala mudzi wa mafakitale. Silinasankhe mwa maere. Pamalopo pali madzi a mtsinje osaphwa, pali njanji, pali mseu waukulu, ndipo magetsi a ku Kafue Gorge, amene anayamba kutuluka mu 1971, ali pakhomo. Fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba nchito mu 1970, ndipo cakudya cake cinali malasha a ku Maamba, obwera pa sitima kudzera ku Choma. Panalinso fakitale ya nsalu ya Kafue Textiles, imene inali kuluka thonje la alimi athu, ndi nyumba za anchito za Kafue Estates. Amene anakonza zonsezi anadziwa cinthu cimodzi cimene ife tikuoneka ngati taciiwala: katundu wolemera, wobwera tsiku ndi tsiku, malo ake ndi pa njanji ndi m'mpope. Lole nchito yake ndi kutenga katundu pa siteshoni ndi kumufikitsa kumudzi.

Lero zinthu zatembenuka. Fakitale ya nsalu inatsekedwa. Kupanga feteleza kucokera ku malasha kunaima kalekale, ndipo zosakaniza zambiri za feteleza zimacokera kunja. Indeni inaleka kuyenga mafuta, ndipo kuyambira mu 2023 mpope wa TAZAMA unyamula dizilo woyenga kale m'malo mwa mafuta akuda. Pa ici tiyamike, cifukwa dizilo ndiye mafuta a thalakitala, a cigayo ndi a lole ya cimanga, ndipo mpope sugona m'njira, sufuna matayala, suima pa mzere pa malire. Koma mpope ndi umodzi, ndi wopapatiza, ndipo unyamula dizilo yekha. Petulo, palafini wa nyali, mafuta a ndege ndi gasi wophikira zibwera pa mseu, zina kudzera pa Nakonde, zina pa Chirundu, zina pa Chanida kufupi ndi Katete. Ndiponso dizilo wa mumpopeyo akafika ku Ndola ulendo wake sunathe. Ayenera kukwezedwa pa lole, kutsika makilomita oposa 300 kufika ku Lusaka, kenaka ena 45 kufika ku Kafue, kapena ena oposa 550 kufika ku Chipata.

Tiyeni tiwerenge monga awerengera mlimi. Lole imodzi ya thanki inyamula malita a pakati pa 30,000 ndi 40,000. Iyo yokha imwa dizilo popita ndi pobwera, ndipo pobwera imabwerera yopanda kanthu, pakuti m'thanki ya petulo simungathiridwe cimanga. Woyendetsa alipidwa, matayala agulidwa ndi ndalama zakunja, pa malire pali msonkho, ndipo tsiku lililonse limene lole yaima pa mzere liwerengedwa. Pamwamba pa izi, kulemera kwa malolewo kukumba mseu umene tidzaukonza ndi misonkho yathu. Ndalama zonsezi sizigwa kumwamba. Zilowa m'mtengo wa lita, ndipo lita ikakwera, mwini cigayo akweza mtengo wogayitsa, wa minibasi akweza, thumba la feteleza lifika ku depoti litalemera mtengo. Kuyambira mu 2010 mtengo wa mafuta pa pampu ndi umodzi m'dziko lonse, ndipo bungwe la Energy Regulation Board ndilo liulengeza. Lamulo limeneli ndi lacilungamo, cifukwa munthu wa ku Chama sanalakwe pobadwira kutali ndi Ndola. Koma mtengo umodziwo uthandiza kokha amene ali pafupi ndi pampu. Amene agula mafuta a m'zigubu pa msika wa kumudzi alipira monga afunira wogulitsa, ndipo kawiri-kawiri agula osakaniza ndi palafini, amene aononga injini.

Ena adzati: nanga magetsi? Inde, magetsi ali ndi njira yao-yao, ya mawaya, ndipo Kafue ndiye mtima wake. Madzi asungidwa m'damu la Itezhi-Tezhi, atsika m'cigwa ca Kafue, atembenuza makina a Kafue Gorge, kenaka atembenuzanso a Kafue Gorge Lower, a mamegawati 750, amene anatha kumangidwa mu 2023. Kumwera kwa Lusaka kuli minda ya magetsi a dzuwa ya Bangweulu ndi Ngonye, yotsegulidwa mu 2019. Koma cilala ca 2024 cinatiphunzitsa mwankhanza. Pa 29 Febuluwale caka cimeneco Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa tsoka, madzi anacepa ku Kariba, ndipo m'miyezi yotsatira makomboni ambiri anakhala maola oposa 20 pa tsiku opanda magetsi. Kodi mafakitale, zipatala ndi zigayo zinathawira kuti? Zinathawira ku majeneleta, ndiye kuti ku dizilo, ndiye kuti ku mpope umodzi uja ndi ku malole aja. Mvula ikakana, katundu wa mseu aculuka.

Cifukwa cake tipempha amene ali ndi udindo zinthu zomveka. Njanji yodutsa pa Kafue ikonzedwe kuti mathanki a mafuta, malasha ndi feteleza zibwerere pa sitima. Njanji ya Chipata ndi Mchinji, imene inatsegulidwa mu 2010 nilumikiza cigawo ca kum'mawa ku gombe la Nacala, igwiritsidwe nchito yonyamula mafuta, osati kumera udzu. Nkhani ya mpope waciwiri, imene yakambidwa nthawi yaitali, ifike pa kukumba, ndipo pokonza njira yake aganizire Lusaka ndi Kafue, kumene kuli ogula ambiri. Koposa zonse, nkhokwe za mafuta za m'zigawo zikhale zodzaza mvula isanagwe, monga mlimi wanzeru agula mbeu mu Okutobala. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Mafuta amene ali m'sitima ya pamadzi ku Beira sangalime munda wa ku Nyimba.

Nafenso a kumidzi tili ndi mlandu wathu, ndipo tiuchule poyera. Alipo pakati pathu amene agula mafuta opopedwa usiku m'malole oima m'mbali mwa mseu. Alipo amene amasula zitsulo za nsanja za magetsi ndi kukhetsa mafuta a m'matilansifoma, nasiya mudzi wonse mumdima ndi cigayo cili cete. Ndipo lole ya thanki ikagwa, ana athu athamangirako ndi ndowa. Mu Novembala 2016, pa mudzi wa Caphiridzange m'cigawo ca Tete ku Mozambique, anthu oposa 70 anapsa ndi moto pamene anali kutunga petulo m'lole yocokera ku Beira. Amenewo anali abale athu, olankhula cilankhulo cathu, ndipo malole a mtundu womwewo adutsa pa Katete, pa Sinda ndi pa Kafue tsiku lililonse. Tipempha mafumu, nyakwawa, aphunzitsi ndi makomiti a makopaletivu kuti nkhani imeneyi aiike pa msonkhano wao wotsatira, ndipo agwirizane kuti lole ikagwa pafupi ndi mudzi, ndani adzathamangitsa ana, ndani adzaletsa osuta fodya, ndipo ndani adzaitana apolisi.